Kuchepetsa thupi popanda kulizunza



Nkhani ya kunenepa timaiona mosiyana malinga ndi msinkhu. Kwa akuluakulu ambiri, munthu akayamba kudzaza malaya timati wayamba kupeza bwino. Mkazi akanenepa atangokwatiwa timati banja lamuyanja, ndipo bambo wa mimba yotsogola amapatsidwa mpando wakutsogolo asanatchule n'komwe dzina lake. Wowonda timamuyang'ana kawiri, chifukwa zaka zimene Edzi idavuta kwambiri zidatisiyira mantha ndi liwu lija lakuti kaliwondewonde. Achinyamata ali kwina. Iwo amaona zithunzi pa TikTok ndi pa Facebook, ndipo kumeneko thupi lotamandidwa ndi lachiuno chochepa ngati cha mavu. Choncho m'nyumba imodzi mumapezeka mayi amene akukakamiza mwana kuwonjezera mtanda wachitatu, ndi mwana amene akubisa nsima kuti asanenepe. Onse awiri akuyeza thupi ndi maso a anthu, ndipo maso a anthu si sikelo.

Chisilamu chimatiphunzitsa kuti thupi ndi amana, chinthu chimene tasungitsidwa ndipo tidzafunsidwa za icho. Sahaba wina, Abdullah ibn Amr ibn al-As, adafuna kumasala tsiku lililonse ndi kuchezera kuswali usiku uliwonse. Mtumiki Muhammad (SAW) adamuletsa, namuuza kuti thupi lake nalonso lili ndi gawo lake limene ayenera kulipatsa. Nkhaniyi ili m'buku la Imam Bukhari. Taonani kuti munthuyu ankalizunza thupi chifukwa cha ibada, komabe adaletsedwa. Nanga wolizunza chifukwa cha chithunzi cha pa foni? Nanga wolilemetsa ndi zokazinga mpaka kulephera kupinda mawondo pa sijida?

Vutoli si la kunja kokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena kuti m'chaka cha 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko anali wonenepa mopitirira muyezo. Kwathu kuno, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera kuposa mmene ayenera kukhalira, ndipo vutoli linali lofala kwambiri pakati pa amayi a m'tauni kuposa a kumudzi. Kafukufuku yemweyo adapezanso kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ndiye kuti dziko lathu lanyamula mitolo iwiri nthawi imodzi, wa kusowa chakudya ndi wa kudya kosayenera. N'chifukwa chake sindingalembe nkhani youza aliyense kuti achepetse kudya. Ambiri mwa amene akuwerenga kalatayi sakufunika kuchepetsa kalikonse.

Ndani ayenera kuchepetsa thupi?

Achipatala ali ndi kawerengedwe kamene amakatcha BMI. Mumatenga kulemera kwanu m'makilogalamu, n'kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita mutakuchulukitsa ndi kutalika komweko. Tiyerekeze bambo wolemera makilogalamu 85, wotalika mamita 1.70. Tikachulukitsa 1.70 ndi 1.70 tipeza 2.89, ndipo 85 tikaigawa ndi 2.89 tipeza 29.4. Kwa munthu wamkulu, nambala yapakati pa 18.5 ndi 24.9 ndiyo yabwino. Kuyambira 25 munthu walemera mopitirira, ndipo kuyambira 30 ndiye kunenepa kumene madokotala amakuona ngati matenda. Bambo athuwa atsala pang'ono kufika pamenepo.

Koma nambalazi ndi za akuluakulu. Kwa amene sanakwanitse zaka 19, achipatala amagwiritsa ntchito matchati ena oganizira zaka za mwana komanso ngati ali mnyamata kapena mtsikana, chifukwa thupi likukulabe. Wophunzira wa Fomu 2 asadziwerengere yekha kumapeto kwa kope la masamu n'kudziweruza. Komanso BMI sisiyanitsa mafuta ndi minofu, ndiye mnyamata wonyamula matumba a simenti akhoza kupezeka wolemera pamene alibe mafuta ambiri.

Kwa makolo, ine ndimakonda njira ya chingwe, chifukwa siifuna sikelo kapena masamu. Dulani chingwe chotalika ngati inuyo, kuchokera kuphazi kufika pamwamba pa mutu. Chipindeni pakati, kenako chizungulizeni m'mimba chapamwamba pang'ono pa mchombo, musanakokere mimba mkati. Ngati nsonga zake zakumana, zili bwino. Ngati zalephera kukumana, ndiye kuti m'mimba mwanu mwapitirira theka la kutalika kwanu, ndipo apa ndi pofunika kuchitapo kanthu. Chifukwa chake n'chakuti mafuta si ofanana kuopsa kwake. A m'ntchafu ndi m'matako savuta kwenikweni. Ovuta ndi amene amaunjikana mkati mwa mimba, kukuta chiwindi ndi matumbo. Amenewa amachititsa kuti thupi lisamamvere bwino insulini, imene kapamba amatulutsa kuti shuga achoke m'magazi n'kulowa m'minofu. Kapamba amalimbikira kwa zaka, kenako amatopa, ndipo munthu amauzidwa kuti ali ndi matenda a shuga. Kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti BP, kumayendera limodzi ndi zimenezi, ndipo mapeto ake ena ndi sitiroko, impso kuwonongeka, maso kuchita khungu, kapena chilonda cha kuphazi chosapola. Mawondo nawonso amadandaula. Tonse tikuwadziwa akuluakulu amene ayamba kuswali atakhala pampando asanakwanitse zaka 55.

Chotonthoza n'chakuti sipafunika kubwerera ku thupi la paunyamata kuti phindu lioneke. Ku America kudachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2002. Adatenga anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Gulu lina lidauzidwa kuti liyesetse kuchotsa magawo 7 pa 100 a kulemera kwawo ndi kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Mwa amenewa, chiwerengero cha odwala shuga chidatsika ndi magawo 58 pa 100 poyerekeza ndi amene sadasinthe kalikonse, ndipo adaposa ngakhale gulu limene lidapatsidwa mankhwala. Kwa bambo athu a makilogalamu 85 aja, magawo 7 pa 100 ndi makilogalamu 6 okha.

Mmene thupi limawerengera

Chakudya chilichonse chili ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo imayezedwa m'makalori. Mayi wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2,000 pa tsiku ndipo bambo pafupifupi 2,500, ngakhale mlimi amene ali pa khasu amafuna ochuluka kuposa wokhala mu ofesi kapena m'shopu. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti gawo lalikulu la mphamvuyi, kuposa theka, limathera pa ntchito zimene sitiziona: mtima kugunda, mapapo kupuma, ubongo kuganiza, thupi kukhala lofunda. Zimene zatsala osagwiritsidwa ntchito thupi silitaya. Limazisandutsa mafuta n'kuzisunga, monga mmene mlimi wanzeru amasungira chimanga m'nkhokwe. Kale nkhokwe imeneyi inkapulumutsa anthu m'miyezi ya njala. Vuto la munthu wa m'tauni lero n'lakuti amangothira m'nkhokwe chaka chonse osatapamo.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Nambala imeneyi ikuthandizeni pamene wina akukutsatsani mankhwala ochotsa makilogalamu 10 pa sabata ziwiri. Ngakhale munthu atapanda kudya kalikonse sabata ziwirizo, sangatenthe mafuta ochuluka chotero. Chimene chimatsika msanga pa sikelo ndi madzi, ndipo madzi amabwerera. Kutsika kwabwino ndi theka la kilogalamu pa sabata, ikachuluka imodzi. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Palinso chifukwa china chosathamangira. Munthu akadzimana chakudya koopsa, thupi limaona ngati kwagwa chilala. Limachepetsa mphamvu imene limagwiritsa ntchito, limayamba kudya minofu yake yomwe, ndipo njala imakula. Patapita masabata angapo munthuyo amagonja, amadya mobwezera, ndipo thupi limasunga mwachangu. Amabwerera pamene adali, koma tsopano ali ndi minofu yochepa ndi mafuta ochuluka. Kumeneku si kufooka kwa imani kapena kusowa khama. Ndi mmene Allah adalengera thupi kuti lidziteteze.

Za m'mbale

Anthu akamva za kuchepetsa thupi amathamangira kuimba mlandu nsima. Ine ndikanayamba ndi kapu ndi botolo, chifukwa zakumwa zimalowetsa mphamvu yambiri popanda kukhutitsa. Supuni yaing'ono ya shuga ndi magalamu 4, makalori 16. Munthu wothira masupuni atatu m'kapu ya tiyi, n'kumwa makapu atatu pa tsiku, wadya magalamu 36. Pa chaka ndi makilogalamu 13, kapena tinene kuti mapaketi 13 a shuga kulowa m'thupi la munthu mmodzi kudzera mu tiyi yekha, ndipo apa tawerengera supuni zosasefukira, zimene kwathu kuno n'zosowa. Coca-Cola ali ndi shuga woposa pang'ono magalamu 10 pa mamililita 100 alionse, ndiye botolo la mamililita 500 lili ndi masupuni pafupifupi 13. WHO imalangiza kuti shuga wothira asapitirire masupuni 12 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kukhala pa 6 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi lamaliza kale gawo la tsiku lonse. Majuwisi a m'mabotolo, zosungunula ndi madzi, maheu ogula ndi thobwa wothira shuga wambiri zili m'gulu lomweli. Ife Asilamu timanyadira kuti sitimwa mowa, Alhamdulillah, koma pa maukwati athu, pa sadaka ndi pa Eid makireti a zoziziritsa kukhosi amatha ngati madzi. Chinthu kukhala halaal sikutanthauza kuti chilibe malire.

Chachiwiri ndi mafuta ophikira. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene galamu ya ufa, shuga kapena zomanga thupi ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ndi makalori pafupifupi 120, ndipo lita imodzi ndi oposa 8,000. Banja la anthu asanu lomaliza chigubu cha malita 5 pa mwezi, aliyense akumwa makalori oposa 250 pa tsiku kuchokera m'chigubumo, osawerengera mandasi, zitumbuwa, zigege, samusa ndi tchipisi cha pachiwaya. Mbatata yophika ndi mbatata yokazinga ndi mbewu imodzi, koma si chakudya chimodzi. Kuyeza mafuta ndi supuni m'malo mopendeketsa botolo pa poto kumathandiza thupi ndi thumba lomwe, makamaka pa mitengo ya masiku ano.

Tsopano nsima. Nsima si mdani, vuto ndi kukula kwa mitanda ndi kuchepa kwa ndiwo. Kadyedwe kathu kazolowera kuti nsima ndiye chakudya, ndiwo ndi zongothandizira kumeza. Wofuna kuchepetsa thupi atembenuze zimenezi: theka la mbale likhale masamba, gawo lina nyemba, nandolo, khobwe, usipa, dzira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo ndiye nsima, mpunga, chinangwa kapena mbatata. Amene amadya mitanda itatu ayambe ndi kutsikira pa iwiri, osati kulumphira pa theka. Mgaiwa uli ndi mphamvu pafupifupi yofanana ndi ufa woyera, choncho mitanda inayi ya mgaiwa imanenepetsabe. Ubwino wake ndi wakuti gaga sanachotsedwe, ndiye umakhalitsa m'mimba ndipo uli ndi zofunika m'thupi zimene zimatayika pokonola ndi poviika mphale. Masamba athu, bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chigwada, therere ndi mpiru, amadzaza mimba ndi makalori ochepa kwambiri. N'zomvetsa chisoni kuti munthu akangoyamba kulandira malipiro, zoyamba kuchoka pa tebulo lake ndi zimenezi, ati ndi ndiwo za amphawi. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene ana athu amaloweza kusukulu akadali ofunika onse. Palibe gulu lofunika kulichotseratu, ngakhale la mafuta. Nsinjiro ndi mapeyala ndi zabwino, koma nazonso zili ndi mphamvu yambiri, ndiye zikhale za muyezo.

Pa muyezo pamenepa Sunnah idalankhula kale momveka. Mu hadith imene adailandira Miqdam ibn Ma'dikarib, yopezeka kwa Imam Tirmidhi ndi Ibn Majah, Mtumiki (SAW) adafotokoza kuti mimba ndicho chotengera choipitsitsa chimene munthu angachidzaze, ndipo adalangiza kuti ngati munthu afuna kudya ndithu, aigawe patatu: gawo la chakudya, la chakumwa ndi la mpweya. Ndime 31 ya Surat Al-A'raf imaloleza kudya ndi kumwa koma imaletsa israf, kupyola malire. Ambiri timamva israf ngati kutaya chakudya kudzala basi. Koma chakudya chimene wachikankhira m'mimba yokhuta kale chifukwa choopa kuchitaya chatayikabe, kungoti dzala lake ndi iwe mwini. Chotsala chisungidwe kapena apatsidwe wina. Adabu zina zimene tidaphunzira ku madrasa tili ana, monga kukhala pansi pakudya, kuyamba ndi Bismillah ndi kudya mbali yako ya mbale, zimachititsa munthu kudya modekha. Kudekhako kuli ndi ntchito, chifukwa uthenga wakuti mimba yakhuta umatenga mphindi zingapo kuti ufike ku ubongo, ndipo wodya mothamanga amakhala atapitirira kale uthengawo usanafike.

Za miyendo

Ndinene mosabisa kuti zolimbitsa thupi pazokha sizichotsa makilogalamu ambiri. Munthu wa makilogalamu 70 akayenda mofulumira mphindi 30 amatentha makalori pafupifupi 150. Botolo laling'ono la zoziziritsa kukhosi limabweza pafupifupi zonsezo m'mphindi ziwiri. Amene amathamanga m'mawa n'kudzipatsa mphoto ya tchipisi masana asadabwe sikelo ikakana kusuntha.

Komabe wosiya zolimbitsa thupi walakwitsa kwambiri, pakuti ntchito yake ili pena. Zimateteza minofu kuti chimene chikuchoka chikhale mafuta. Zimathandiza minofu kukoka shuga m'magazi, zimatsitsa BP, zimakonza tulo, ndipo zimachita zimenezi ngakhale sikelo isanasinthe. Komanso anthu amene amachepetsa thupi n'kukhalabe choncho kwa zaka nthawi zambiri ndi amene sadasiye kuyenda. WHO imalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri a zolimbitsa minofu, ndipo kwa ana a zaka 5 mpaka 17 ola limodzi pa tsiku. Liwiro loyenera ndi limene munthu angathe kulankhula koma akupuma mwamphamvu ndithu.

Sipafunika jimu kapena nsapato zodula. Kulima, kutunga madzi, kusinja, kupalasa njinga, kuchapa, zonsezi ndi zolimbitsa thupi, ndipo ndizo zinkasunga agogo athu. Chimene chasintha ndi chakuti mtunda umene tinkayenda tsopano timakwera kabaza kapena njinga yamoto. Pali nkhani imene ndimaikonda m'buku la Imam Muslim. Anthu a fuko la Banu Salima ankakhala kutali ndi mzikiti wa ku Madina ndipo adaganiza zosamukira pafupi. Mtumiki (SAW) adawauza kuti akhale komweko, chifukwa mapazi awo opita ku mzikiti akulembedwa. Bambo amene nyumba yake ili mphindi 10 kuchokera ku mzikiti, akapita wapansi n'kubwera wapansi pa swala zitatu zokha, wayenda ola lathunthu tsiku limenelo, ndipo walipidwa kawiri. Swala yeniyeniyo ili ndi kuima, kuwerama ndi kugwetsa nkhope pansi, zimene zimathandiza mfundo za thupi, koma tisanamizane kuti ikukwanira kukhala masewera. Swala ndi ibada, ndipo tiichite chifukwa cha ibada.

Kwa amayi ndi atsikana pali chopinga chimene tachiika tokha. Mtsikana akangotha msinkhu timamuchotsa pa bwalo la masewera ngati kuti kuthamanga ndi kusowa ulemu. Koma Mayi Aisha (RA) adasimba okha, monga adalembera Imam Abu Dawud, kuti adapikisanapo liwiro ndi Mtumiki (SAW) ali pa ulendo, ndipo iwo adapambana. Patapita zaka, thupi lawo litakula, adapikisananso ndipo ulendo uno adapambana ndi Mtumiki, nawakumbutsa moseka za mpikisano woyamba uja. M'nkhani imodzi yomweyi muli mkazi wothamanga, mwamuna wothamanga naye, ndi kunenepa kotchulidwa popanda chitonzo. Hijab siletsa mpira wamanja, kulumpha chingwe kapena kuyenda m'mawa ndi anzako. Chofunika ndi chovala choyenera ndi malo oyenera, ndipo kupeza malowo ndi udindo wa ife abambo, masukulu ndi makomiti a mizikiti.

Za kukweza mimba pogona chagada kuti mimba iphwe, dziwani kuti kumalimbitsa minofu ya pamimba koma mafuta amachoka m'thupi lonse, osati pamalo pamene mwasankha. Kuthamanga mutavala majekete kapena mutakulunga pulasitiki m'mimba kumangotulutsa thukuta, ndipo thukuta ndi madzi. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala kumeneko ndi kudziika pangozi.

Nanga Ramadhan?

Funso limeneli limabwera chaka chilichonse. Kafukufuku wochitika m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti osala ambiri amatsika ndi kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono m'mwezi wa Ramadhan, ndipo kulemerako kumabwerera patangopita masabata ochepa Eid itadutsa. Ena amatuluka m'mweziwu atanenepa. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Thupi siliwerengera maola amene munthu wakhala osadya, limawerengera zonse zimene zalowa pa tsiku. Ngati zimene tadzimana masana tazibweza pa futari ndi samusa, mandasi, zokazinga, mpunga wa mafuta ndi zakumwa za shuga, kenako n'kugona masana onse, nkhokwe ija ikudzazabe. M'nyumba zambiri ndalama ya chakudya imakwera m'mwezi umene tikuti tikusala. Mtumiki (SAW) ankamasula ndi tende zochepa, zikasowa ndi madzi. Amene amamasula chotero, n'kuswali Maghrib, kenako n'kudya chakudya chenicheni modekha, amaimirira pa Taraweh mopepuka. Amene wadzaza mimba mpaka pakhosi timamuona pa rakaa yachinayi. Futali wa mbatata kapena chinangwa wotendera ndi nsinjiro ndi wabwino kuposa zokazinga, bola asakhale mbale yosefukira. Daku asasiyidwe poganiza kuti kutero kuchepetsa thupi. Sunnah imatiuza kuti m'daku muli madalitso, ndipo wosiya daku ndi amene amagwera chakudya madzulo ngati dzombe.

Pa kusala kwa Sunnah, kwa Lolemba ndi Lachinayi kapena kwa masiku 13, 14 ndi 15 a mwezi wa Chisilamu, chenjezo langa lili pa niya. Swaumu ndi ya Allah. Ngati thupi lapepukirapo, limenelo ndi phindu lowonjezera ndipo tithokoze. Koma kudzimana chakudya chifukwa chofuna kulowa m'diresi la pa ukwati, n'kumauza anthu kuti ndikusala, ndi kusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Aphunzitsi ndi makolo tikhale tcheru apa, chifukwa mwana amene wayamba kuopa chakudya amatha kubisala kuseri kwa swaumu, ife n'kumamuyamikira kuti ndi wopembedza. Mtumiki (SAW) adaletsa Maswahaba kusala kolumikiza masiku osamasula. Odwala shuga, makamaka obaya insulini kapena akumwa mankhwala otsitsa shuga, akaonane ndi achipatala Ramadhan isanayambe. Surat Al-Baqarah idapereka kale chilolezo kwa wodwala, ndipo kulandira chilolezo cha Allah si kuchepa kwa imani.

Kwa inu ophunzira

Pa msinkhu wanu thupi likumanga mafupa, magazi ndi ubongo. Atsikana, kukula kwa chiuno ndi ntchafu mukatha msinkhu ndi chilengedwe, si kunenepa. Mumatayanso magazi mwezi ndi mwezi, choncho mukufunika zakudya zowonjezera magazi monga nyemba, masamba obiriwira, usipa ndi chiwindi. Kudumpha phala la m'mawa kapena nsima ya masana kumabweretsa chizungulire, kusinza m'kalasi ndi kuiwala, ndipo palibe amene adakhoza MSCE chifukwa cha chiuno chochepa. Ngati achipatala anena kuti wophunzira walemeradi mopitirira, nthawi zambiri njira yake si kumuchepetsera chakudya cha pa mbale ayi, koma kuchotsa zotsekemera ndi zokazinga za pa geti, kumubwezera pa bwalo la masewera, ndi kulola kuti msinkhu ukule n'kupeza thupilo. Tulo natonso n'tofunika. Wachinyamata amafuna maola 8 mpaka 10, ndipo wogona mochedwa chifukwa cha foni amadzuka ndi njala yolakalaka zotsekemera.

Mawu amene timaitanira anzathu ali ndi mbali yaikulu pa nkhaniyi. Ndime 11 ya Surat Al-Hujurat imaletsa kunyozana ndi kuitanana maina achipongwe. Kumutcha mnzako chidyamakanda, chimbuzi cha nsima kapena kafupa si nthabwala, ngakhale iye ataseka nawo. Abdullah ibn Mas'ud anali ndi miyendo yowonda kwambiri. Tsiku lina atakwera mumtengo, mphepo idaionetsa miyendoyo ndipo anthu adaseka. Mtumiki (SAW) adawauza kuti pa sikelo ya tsiku la Qiyama miyendo imeneyo idzalemera kuposa phiri la Uhud. Ana ambiri amene amayamba kudzisanzitsa kapena kubisa chakudya amayambira pa liwu limodzi limene wina adaliponya mosaganiza, nthawi zina kholo lenileni. Mukaona mnzanu akuchita zimenezi, kapena akuonda msanga, kapena wasiya kusamba kumwezi, uzani matroni kapena mphunzitsi amene mumamukhulupirira. Kumeneko si miseche.

Tiyi wochepetsa thupi ndi makapisozi amene akutsatsidwa pa WhatsApp ndi m'misika musawayese. Ambiri mwa matiyi amenewa ali ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa, ndiye chimene chimachoka ndi madzi ndi michere yofunika ku mtima. M'mayiko angapo, zina mwa zinthu zolembedwa kuti ndi zitsamba zachilengedwe zidapezeka zitasakanizidwa mobisa ndi sibutramine, mankhwala amene adachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Madzi otentha a mandimu alibe vuto, koma sasungunula mafuta. Ngati athandiza, n'chifukwa chakuti alowa m'malo mwa tiyi wa masupuni atatu uja.

Makolo, si kunenepa konse kumene kumachokera m'mbale. Kutupa miyendo ndi nkhope kukhoza kukhala madzi obwera chifukwa cha vuto la mtima kapena impso. Mankhwala ena amawonjezera thupi, kuphatikizapo ena a ma ARV, ena a matenda a maganizo ndi jakisoni wina wolera. Amene akumwa mankhwala otere asasiye yekha, akafotokoze kuchipatala kumene amalandirako. Mayi woyembekezera asayambe kuchepetsa thupi. Amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, kapena wakhala zaka zambiri osachita zolimbitsa thupi, ayambe ndi kuyenda mphindi 10 kapena 15 n'kumawonjezera sabata ndi sabata, ndipo akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika aime n'kupita kuchipatala. Ndipo munthu amene akuonda popanda kusintha kadyedwe, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, kapena akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, asasangalale kuti thupi likuchepa lokha. Akayezetse TB, HIV ndi shuga sabata yomweyo.